Kuthamanga Sikufika: Makina a Amalume Osokera Zikopa

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu tonse timaudziwa, ndipo ambiri a ife tidakumanapo nawo m'mayeso a Chichewa nkupereka tanthauzo lake bwinobwino. Komatu kudziwa mwambi pa pepala nkosiyana ndi kuuona ukukwaniritsidwa pa chitsulo. Masiku ano munthu akati wakonzetsa chipangizo chake kuti chikhale chamakono, aliyense amangoganiza kuti tsopano chikuthamanga kwambiri: foni izithamanga, njinga yamoto izithamanga, chigayo nacho chizithamanga. Ine, anzanga, ndikufuna ndikusimbireni za makina amene adayamba kubweretsa phindu looneka tsiku limene tidawachepetsa liwiro.

Makinawa ndi a amalume anga, alongo awo a mayi, amene amasoka zikopa kwathu ku Salima. Amene mudafikako mukudziwa kuti kuchokera pa Kamuzu Road, pamene pali msika ndi masitolo, pali msewu wa makilomita pafupifupi 20 wopita kunyanja ku Senga Bay. M'mbali mwa msewu umenewu, pakhonde la kagolosale kena, mpamene amalume amagwirira ntchito yawo. Anyamata a kabaza, amene ku Salima ngochuluka zedi, amadzasoketsa timatilesi tokhalira anthu kumbuyo kwa njinga. Asilikali a ku Senga Bay amabwera ndi jombo ndi malamba. Makolo amabwera ndi zikwama za ana asukulu zoduka zingwe. Eni malo ogona alendo amatumiza makushoni a mipando ndi matenti, ndipo ogulitsa ziboliboli amaoda malamba, masandasi ndi tizikwama toti akagulitse kwa alendo. Fizi yanga, sopo, ngakhale ndalama ya minibasi yobwerera kusukulu kuno, zonse zimatuluka pakhonde limeneli. Mukudziwa kale kuti kwathu kwa Achewa mwana wa mlongo ndi katundu wa malume. Choncho makina aja akatsokomola, chifuwa chimandipweteka ndine.

Makina awiri

Pakhondepo pali makina awiri. Oyamba ndi aang'ono, opukusa ndi dzanja, a mtundu wa Singer 29K. Ali ndi mkono wautali ndi woonda umene umalowa mpaka kunsonga kwa nsapato, ndipo phazi lake limatembenukira mbali iliyonse, kotero kuti munthu amaika chigamba popanda kuzunguliza nsapatoyo. Chilembo cha K chikuimira Kilbowie, dera la ku Clydebank m'dziko la Scotland, kumene kudali fakitale yaikulu ya Singer imene idatsekedwa mu 1980. Makina amenewa safuna magetsi, koma bobini yake njaing'ono ngati ndalama yachitsulo, ulusi suchedwa kutha, choncho ntchito yake ndi zigamba basi.

Makina achiwiri ndiwo mwini nkhaniyi. Ndi Singer 111W155, a m'zaka za m'ma 1950, oyendera mota ya magetsi imene imakhala kunsi kwa tebulo. Chilembo cha W chikukumbutsa kampani ya Wheeler & Wilson ya mumzinda wa Bridgeport ku America, imene Singer idaigula mu 1905. Amalume adawapeza ku Johannesburg, kumene adagwira ntchito zaka zingapo pamalo ena okuta mipando ya galimoto. Pobwerera kumudzi, anzawo akugula ma TV ndi mafiriji, iwo adagula chitsulo chakale chimenechi nkuchikweza pa ngolo ya basi, kudzera pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete. Ena adawaseka kuti munthu wochokera ku Joni wabwera ndi chimtolo cha dzimbiri. Mafiriji aja ambiri adafa kale.

Mwina wina angafunse kuti, kodi makina a telala wamba sangasoke chikopa? Yankho lili pa kayendedwe ka phazi. Pa makina a telala, mano a pansi okha ndiwo amakoka nsalu, phazi limangoipanikiza. Chikopa sichiterera ngati nsalu. Chimakakamira kuphazi, ndiye chapansi chimapita pamene chapamwamba chatsalira, msoko nkukhota. Pa makina a amalume pali mapazi awiri amene amapondaponda mosinthana ngati munthu akuyenda. Singano, phazi lamkati ndi mano a pansi zimagwira chikopa nthawi imodzi nkusuntha nacho limodzi, kenaka phazi lakunja limatsika nkuchigwira kuti chisabwerere. Chinanso nchakuti nsalu imakhululuka koma chikopa ayi. Ukaphonya pa nsalu umasomola ulusi nkuyambiranso, osaoneka kanthu. Pa chikopa bowo lililonse limene singano yaboola limakhala mpaka kalekale, ndipo mabowo akathithikana kwambiri chikopacho chimang'ambika motsata mzere ngati pepala la m'buku la malisiti.

Matenda ayamba

Chaka cha 2024 chidali chovuta kunyanja. Madzi adakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ena ogona alendo, ndipo ntchito za makushoni ndi matenti zidachepa. Nditafika pa holide yaikulu mu Ogasiti, mwera ukuomba mchenga pakhonde ponse, ndidapeza amalume ali ndi oda imodzi yokha yaikulu: mayi ena ogulitsa ziboliboli adafuna tizikwama tachikopa 40, ndipo adali atapereka kale theka la ndalama, limene lidathera kugula chikopa ku Lilongwe. Theka lotsalalo ndilo lidali fizi yanga ya teremu yoyamba.

Makina adasankha nthawi yomweyo kuti adwale. Adayamba ndi kudumpha: masitichi asanu abwino, kenaka mpata, ulusi utangogona pamwamba osagwira pansi. Kenaka ulusi udayamba kunyotsoka pafupi ndi singano nkumaduka. Tsiku lina m'mawa kudamveka phokoso lakuti "kha!" ndipo kuyambira pamenepo singano inkangokwera ndi kutsika osatola ulusi wa pansi nkamodzi komwe.

Padadutsa mkulu wina woyendayenda ndi chikwama cha masipanala, wodzitcha katswiri wa makina osokera. Adapukusa gudumu kawiri, nkupukusanso mutu wake. "Bambo, makinawa atha, magiya adyeka mkati. Agulitseni kwa ogula zitsulo, muonjezere ndalama mugule atsopano. Kapena ndipatseni ine ndikachotseko masipeyala." Kunena zoona, mau amenewa adandilowetsa mphepo m'mafupa. Makina atsopano a mtundu umenewu amachokera kunja, ndipo kwacha idali itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugula atsopano kudali ngati kulota.

Amalume adamthokoza mkuluyo mwaulemu, nkumugulira botolo la thobwa. Atapita adandiuza kuti, "Mphwanga, chitsulo sichinama. Munthu akadwala sing'anga sayamba ndi kung'amba pamimba, amayamba wafunsa kuti wadya chiyani. Tenga kope lako uzilemba. Tiyambira pa chotsika mtengo, ndipo tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ukasintha zitatu pakamodzi, ngakhale makina achire sudziwa chimene chawachiza."

Mmene sitichi imabadwira

Tisanagwire sikuludiraiva, adandigwaditsa pansi, nkutsegula kachitseko kapafupi ndi singano kuti ndione zimene zimachitika kunsi. Sitichi ya makina ndi mfundo ya ulusi uwiri, wapamwamba ndi wa m'bobini. Singano imatsika ndi ulusi wapamwamba kupyola chikopa. Ikayamba kukwera, chikopa chimaugwira ulusiwo pang'ono, ndipo umapindika nkupanga kamphete kakang'ono pambali pa singano. Pa nthawi yomweyo pamadutsa kachitsulo kosongoka kozungulira bobini. Azungu amakatcha hook, ndipo amalume amangoti mbedza, poti ndilo tanthauzo lake. Mbedzayo imakola kamphete kaja, kukakuza, kukazunguliza bobini yonse, ndipo kamkono kapamwamba kamakoka ulusi nkumanga mfundo mkati mwa chikopa. Mbedza imazungulira kawiri pa sitichi iliyonse, koma imakola ulendo umodzi wokha. Ikafika msanga kamphete kasanapangike, kapena ikachedwa katafota kale, yaphonya, ndipo pamwamba timaona kudumpha. Mwana wa kunyanja savutika kumva zimenezi: nsomba ndi mbedza zikapanda kukumana pa nthawi yake, ndiwo palibe.

Tidayamba ndi matenda omaliza, a kusatola ulusi, chifukwa amalume adali atawazindikira kale ndi khutu. Amene adapanga makinawa adaikamo kaloko kotetezera. Ulusi ukapiringizika m'mbedza nkuigwira, kalokoko kamamasuka kokha kuti magiya asathyoke, ndipo mbedza imaleka kuyenda limodzi ndi singano. Phokoso lija lidali la kaloko kameneka. Tidachotsa ulusi wopiringizikawo, amalume adadina kabatani ka pamwamba pa makina nkupukusa gudumu chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kudamveka "tcha!" Mbedza idayambanso kuyenda. Magiya odyeka aja adachira m'mphindi ziwiri, popanda kulipira tambala.

Kudumpha ndi kuduka kwa ulusi kudatsala. Choyamba tidaona singano. Tidaigubuduza pa galasi ndipo idaonetsa kuti njopindika pang'ono, zimene diso silikadaona ili pa makina. Tidaika yatsopano, mosamala kuti ngalande yake yaitali iyang'ane kumanzere ndipo mbali yokumbika iyang'ane kumanja kumene mbedza imadutsa. Apa ndidaphunzira kuti singano zili ndi mitundu. Makinawa amalandira singano za nambala 135x17, zimene nsonga yake njozungulira ndipo nzoyenera matenti ndi nsalu zolimba, komanso za 135x16, zimene nsonga yake ili ngati kampeni ndipo imacheka chikopa m'malo mochikankha. Kukula kwa singano nakonso kuyenera kugwirizana ndi ulusi: ulusi wa nambala 69 umayenda ndi singano ya 18, wa nambala 138 umafuna ya 22 kapena 23. Njira yoyesera njapafupi. Lowetsa ulusi pa singano imene ili m'manja, gwira nsonga ziwiri za ulusiwo nkuupendeketsa. Singano ikatsetsereka yokha, zagwirizana. Ikakakamira, bowo lachepa ndipo ulusi uzinyotsoka.

Chachiwiri tidatulutsa ulusi wonse nkuulowetsanso kuyambira pa chikuta mpaka pa singano, osaphonya kabowo nkamodzi komwe. Chachitatu tidatsuka. Anzanga, mchenga wa ku Salima ndi mdani wa chitsulo. Ukasakanikirana ndi mafuta umasanduka phala lokhakhala limene limadya chitsulo mwakachetechete, ndipo chinyontho cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri. Ndi mswachi wakale ndi parafini tidachotsa litsiro lodzaza chitsekerero cha botolo m'kati mwa mbedza ndi pansi pa mano. Pakati pa timbale tiwiri timene timapana ulusi wapamwamba tidapezamo kadzimbiri ndi nyenyeswa za ulusi, zimene zinkaletsa timbaleto kupana bwino. Tidathira mafuta oyera a makina osokera, dontho limodzi pa kabowo kalikonse. Amalume amadana kwambiri ndi anthu othira mafuta ophikira pa makina, chifukwa amauma nkusanduka ulimbo.

Chachinai chidali kukunga kwa ulusi. Tidasoka pa zidutswa za chikopa nkumazitembenuza. Mfundo yabwino imabisala pakati pa zikopa ziwiri, osaoneka pamwamba kapena pansi. Ndidalemba m'kope mwanga lamulo ili: ulusi ukaunjikana pansi ngati chisa cha mbalame, usathamangire kugwira bobini, chifukwa kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wapamwamba umene walekerera. Vuto limaonekera pansi pamene gwero lake lili pamwamba. Amalume adati ndisaiwale lamulo limeneli ngakhale ndikadzakhala bwana kwinakwake.

Titachita zonsezi, makina adasoka bwino pa chikopa chimodzi, koma pokwera pa mphindiro, pamene zikopa zimasanjikizana zinai, ankadumphabe ndipo ulusi unkanyotsokabe. Tsono nthawi idakwana yoyang'ana mbedza. Amalume adandiuza kuti ndiyendetse chikhadabo pansonga pake. Chidakodwa. Padali kachipsera kakang'ono kwambiri, kokhakhala, kamene kankapala ulusi ulendo uliwonse. Adakasalaza ndi sandipepala wosalala kwambiri, modekha ngati akumeta khanda, kuopa kufupikitsa nsongayo.

Chomaliza chidali nthawi yokumanirana singano ndi mbedza. Buku la makinawa amalume adalitaya kalekale, koma tidalipeza pa intaneti ndi foni ya mwini golosale. Limanena kuti singano ikafika pansi penipeni nkukwera ndi 3/32 ya inchi, nsonga ya mbedza iyenera kukhala pakati pa singanoyo, 1/16 ya inchi pamwamba pa bowo la ulusi. Apa mpamene mwana wasukulu adaonetsa ntchito yake. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho ndidawerengera kuti miyeso imeneyi ndi mamilimita 2.4 ndi 1.6. Ndidadula kakatoni ka muyeso umenewo, ndipo tidapeza kuti mbedza inkafika mochedwa pang'ono. Amalume adamasula tizomangira ta giya yaing'ono yoyendetsa mbedza, nkuisuntha pang'ono ngati kukhuthala kwa chikhadabo, nkumanganso. Adaonanso kuti nsongayo izidutsa pafupi kwambiri ndi singano koma osaikhudza. Madzulo a tsiku lachitatu makina adasoka zikopa zinai osadumpha. Zoonadi kuona maso a nkhono nkudekha.

Gwero la matenda

Ine ndidaganiza kuti ntchito yatha, koma amalume adakhala chete akuyang'ana kachipsera kaja m'maganizo mwawo. "Mphwanga, tachiza bala, koma chidabaya mbedza nchiyani?" Yankho lidali singano. Nanga chidapinda singano nchiyani? Yankho lidali liwiro.

Mota yakale ya makinawa ndi ya mtundu wa kilatchi. Ukangoyatsa imazungulira mosalekeza, ikung'ung'udza, kaya ukusoka kaya ukucheza ndi kasitomala. Ukaponda chopondera, kilatchi imagwira ndipo makina amanyamuka ngati galimoto imene woyendetsa wake wachotsa phazi mwadzidzidzi. Pa chikwangwani chake padalembedwa kuti imazungulira ka 1425 pa mphindi. Pule ya pa mota ndi ya pa gudumu la makina zidali zofanana, pafupifupi mamilimita 75 iliyonse, kutanthauza masitichi 1425 pa mphindi, kapena pafupifupi 24 pa sekondi imodzi. Liwiro lotere nlabwino m'fakitale, posoka mizere yaitali yoongoka. Koma kachikwama kali ndi ngodya ndi mphindiro paliponse. Singano ikamenya mphindiro pa liwiro limenelo imapatuka nkugunda mbedza. Imatenthanso mpaka kusungunula ulusi wa nailoni. Kwa zaka zonsezi amalume ankalimbana ndi liwiroli pogwira gudumu ndi dzanja lamanja ngati buleki, nkumaongolera chikopa ndi dzanja limodzi. Chikhatho chawo chili ndi chikanga chochitira umboni.

Tidakhala pansi ndi kope. M'kalasi tidaphunzira kuti pule yaing'ono ikamayendetsa yaikulu, liwiro limatsika ndipo mphamvu yopotokola imakwera mofanana. Tikachotsa pule ya mamilimita 75 pa mota nkuika ya 50, masitichi atsika kufika pa 950. Akadali ambiri. Koma tikaika pakati pa mota ndi makina mapule awiri omamatirana pa mtanda umodzi, yaikulu ya mamilimita 150 yolandira lamba wochokera ku mota ndi yaing'ono ya 50 yopereka lamba ku makina, liwiro ligawidwanso patatu. Tipeza masitichi pafupifupi 317 pa mphindi, kapena asanu pa sekondi, ndipo mphamvu yoboolera chikopa ichulukanso katatu. Amalume adayang'ana masamuwo nthawi yaitali nkunena kuti, "Kani fizi ija sikupita pachabe."

Mapule ndi mabering'i tidakagula ku Lilongwe, pa sitolo ya zipangizo za zigayo, ndipo mnyamata wina wowotcherera zitsulo pa Kamuzu Road adatipangira chogwirizira chake. Padatenga tsiku lathunthu kuti malamba awiriwo aongoke, chifukwa pule ikapendekeka pang'ono lamba amadyeka mbali imodzi ndipo tebulo lonse limanjenjemera. Lamba asakungike kwambiri: ukamudina ndi chala pakati ayenera kulowa pang'ono. Titayatsa, makina amene kale ankabangula adayamba kuyenda ngati nkhalamba yodziwa njira. Kwa nthawi yoyamba amalume adagwira chikopa ndi manja onse awiri.

Kodi ntchito idachedwa? Apa mpamene mwambi uja udaonekera poyera. Kale pa tizikwama khumi, kamodzi kapena tiwiri tinkaonongeka ndi msoko wokhota, singano zinkathyoka, ndipo nthawi yambiri inkathera kulowetsanso ulusi ndi kuchotsa zopiringizika. Tsopano panalibenso chobwereza. Tizikwama 40 tija tidatha m'masiku asanu ndi anai, popanda kutaya chikopa, ndipo mayi aja atayang'ana misoko adaodanso malamba. Mu Seputembala ndidabwera kusukulu ndi fizi yokwanira.

Mota yatsopano

Pa holide ya Khirisimasi ndidapeza amalume atasonkhanitsa ndalama zogulira mota yamakono yotchedwa servo, ya mawati 550, imene mnzawo wina adawabweretsera kuchokera ku South Africa. Iyi imazungulira pokhapokha ukaponda chopondera. Ukaponda pang'ono imayenda pang'ono, ukachotsa phazi imaima nji, ndipo ili ndi mabatani oikira malire a liwiro. Mapule athu aja sitidawachotse, chifukwa mota yotere ikamayenda pang'onopang'ono mphamvu yake imachepa, ndiye mapulewo amaithandiza. Ziwirizi pamodzi zimalola munthu kusoka sitichi imodziimodzi, kuima singano ili m'chikopa, kutembenuza pa ngodya, nkupitiriza. Mayunitsi a magetsi adayamba kukhalitsa, ndipo pakhonde padakhala bata loti nkumva wailesi.

Nkhani ya magetsi njofunika kwa mmisiri aliyense. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wotchedwa Ana adaonongera damu la ku Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022. Dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo padapita nthawi yoposa chaka makina a kumeneko asanayambirenso. Masiku amenewo amisiri ambiri ankagwira ntchito usiku, nthawi imene magetsi ayaka. Mota ya kilatchi imakoka magetsi ambiri ponyamuka ndipo imadya nthawi yonse, choncho kuiyendetsa ndi batire nkovuta. Ya servo ingathe kuyenda ndi sola, batire ndi inveta ya mphamvu yokwanira. Dzuwa ku Salima silisowa. Nchifukwa chake mu 2021 adatsegula m'boma lomweli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60. Amalume akuti nawo adzatapako dzuwa lawo padenga la golosale.

Komabe walira mvula walira matope. Mota ya servo ili ndi ubongo wa tizipangizo tosachedwa kupsa magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo ikapsa palibe wa pa Kamuzu Road angaiukitse. Mota yakale ija ikapsa, amisiri okulunga waya wa mamota amaikonza. Pa chifukwa chimenechi amalume adagula kachipangizo kotetezera konga ka firiji, ndipo mota yakaleyo sadaigulitse. Adaipukuta, kuikulunga m'thumba la feteleza nkuisunga kunsi kwa bedi. Nawo makina opukusa ndi dzanja aja akadali pamalo pake, kudikira tsiku la mdima.

Padalinso tina ting'onoting'ono timene tidasintha. Mapazi a makinawa adali ndi mano akuthwa oyenera matenti, amene ankasiya zipsera pa chikopa chosalala. Amalume adagula ena nkuwasalaza ndi tupa. Adaika kachitsulo kotsogolera m'mphepete kuti msoko uzitalikirana mofanana ndi m'mbali. Adaika kanyali pafupi ndi singano. Pa matenti ndi zonse zokhala padzuwa adaleka ulusi wa nailoni nkuyamba wa poliyesitala, umene umapirira dzuwa. Adasokanso chivundikiro cha makina onse, choti mwera ukayamba mchenga uzipeza khomo lotseka. Ndipo lamulo limodzi silisintha: poyamba msoko gwira nsonga ziwiri za ulusi mpaka masitichi atatu adutse, apo ayi mbedza imeza ulusi nkutsamwa. Makinawa sasoka chobwerera m'mbuyo, choncho pomaliza msoko amalume amatembenuza chikopa nkubwereza m'mabowo omwewo. Sasokanso soli ya nsapato. Imeneyo ikadali ntchito ya manja, ndi kachitsulo kokowa kosulidwa kuchokera ku sipoko ya njinga.

Phindu lina sitidaliyembekezere. Msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, ankaopa makina aja ngati ng'ona, ndipo bambo ake sankamulola kuwayandikira poopa kuti singano ingamuboole chala. Liwiro litatsika adakhala pampando nkuyamba ndi timatilesi ta kabaza. Pofika pa Pasaka adali akusoka malamba payekha, ndipo misoko yake njoongoka moti makasitomala sasiyanitsa ndi ya bambo ake. Luso limene likadathera m'manja mwa munthu mmodzi tsopano lili m'manja anai.

Ndikamayenda m'dziko lathu lino ndimaona zitsulo zambiri zogona: mijigo yosatulutsa madzi, zigayo zotseka, makina osokera osanduka poikapo maluwa. Sindikunena kuti zonse zingadzuke. Koma ndimadzifunsa kuti ndi zingati mwa izo zidaweruzidwa kuti zatha ndi munthu amene adangopukusa gudumu kawiri, pamene vuto lidali kaloko kofuna kudina, singano yopindika kapena mchenga wodzaza chitsekerero cha botolo. Ndalama zakunja zimene timalira kuti zikusowa, zina zimapita kukagula zinthu zimene tili nazo kale.

Tsono anzanga, holide ikubwerayi musangokhalira kuwerenga manotsi ndi kuonera mpira. Pafupi ndi kwanu pali telala, wokonza njinga, wa chigayo kapena wosoka nsapato. Kakhaleni naye pansi, mumugwirire sipanala, mumufunse mafunso, poti safunsa adadya phula. Iye ali ndi khutu ndi manja zimene ife tilibe, ndipo ife tili ndi timasamu timene mwina iye adalibe mwayi wophunzira. Mutu umodzi susenza denga. Mukadzadutsa pa msewu wa ku Senga Bay chikwama chanu chitaduka chingwe, tcherani khutu pakhonde limene makina ake akugunda pang'onopang'ono ngati mtima wa munthu wogona. Pamenepo mpamene muyenera kutsika.